Anchima Amene Bambo Ako Sanawaone

Chisomo, tsika mumtengomo. Tsika ndati! Mango ake ali kuti mwezi uno? Yankho, kokera mphasayo kuno kumthunzi, iwe Tadala bweretsa lichero. Khalani pafupi, mawu anga masiku ano safika patali. Manja aziswa mtedza, makutu akhale kwa ine. Ndi wambewu umenewu, ndikangoona pakamwa pakutafuna nkhani ithera pomwepo.

Ndamva kuti bambo ake a Chisomo akufuna kukutengani nonse Loweruka, mukagone m'matenti m'phiri la Ntchisi, mukaone anchima, apusi a m'nkhalango aja. Inu mwakondwa mpaka kudya mwaiwala. Mumayesa agogo anu phirilo amangolionera patali? Ndinagonamo ine, m'tenti momwemo. Ndipo iwe Chisomo unali nawo paulendowo, ngakhale sunaoneko kanthu.

Ana inu, kale ife kuphiri sitinkapita kukaona. Tinkapita kukatenga. Mvula ikagwa amayi ankatidzutsa mame asanaume, dengu pamutu, kukazula bowa, utale uja waukulu ngati mbale. Dzuwa likatentha, masuku. Tsiku lina nkhuni, tsiku lina luzi. Ukabwerako chimanjamanja ankakufunsa ngati wadwala. Kugona panja munthu unkagona pamaliro, kapena kumunda polondera chimanga. Utsikana wanga wonse unathera pansanja kumunda kwa amalume ku Nachisaka, chitini m'manja, kumenya ndi kukuwa kuti anyani ndi apusi asatimalizire chimanga. Nyani akaona kuti pansanja pali wamkazi ankathyola chimanga akukuyang'ana m'maso, osathamanga n'komwe. Ndiye lero mundiuze kuti munthu wa nyumba yamalata, bedi lake lilipo, athire mafuta m'galimoto, akagone pansi kuti akaone pusi!

Koma bambo ako, Chisomo, ndi munthu wa zimenezo. Anakulira ku Lilongwe, mwana wa aphunzitsi, za kumudzi ankangozimva. Tsiku loyamba kufika pano pa Msakambewa kudzaonekera, anabwera molunjika kwa ine, dzanja lili patsogolo. Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe. Musaseke. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sagwirana chanza, sadyera pamodzi, sayang'anana m'maso. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Malemu agogo anu aamuna anakhala pamudzi pano zaka zonse zija, koma amayi anga anamwalira osadziwa kuti mano a mkamwini wawo ndi otani. Si chidani ayi, ndi ulemu. Pakakhala mawu umatuma munthu wina, kapena umalankhula chogwada, nkhope ili kumbali. Bambo ako anaphunzira pang'onopang'ono, ndipo tinkakhala bwino choncho, iwo uko, ine kuno.

Tsono amayi ako, Tereza mwana wanga womaliza, anali atapita padera kawiri. Yankho, usatsegule pakamwa, ndikuuza: ndiko kuti mimba inachoka mwana asanakhwime. Kachiwiriko bambo ako anali atagula kale tizovala ndi beseni, atauzanso anzawo onse a kuofesi. Zitalephereka anakhala masiku osadya, beseni lija akungoliyang'ana. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwawo mawu oti mwana sankatchulidwa.

Chaka chimenecho, titakolola kale, nyengo yozizira ija, anafika pano ndi galimoto yodzaza zikwama. Ankati agone kuno, m'mawa apitirire kuphiri, Tereza akapitidweko mphepo, aiwale. Ine ndinakazinga usipa. Tereza atangomva fungo anatuluka kukalavula kuseri. Dzuwa litapendeka ndinamupeza pachulu paja, akuswa dothi n'kumaponya mkamwa ngati mtedza. Ndabereka ana ine, ndalandirakonso ana a eni ake. Sindinafunikire kuuzidwa.

Ndinati, "Iwe, mwezi wachingati?"

"Wa chiyani, amayi?"

"Usandiyese mwana. Dothilo ukudyera chiyani?"

Anayang'ana pansi. "Wachitatu ukutha. Koma iwo sakudziwa, ndipo musawauze. Ndikawauza akagulanso beseni. Ndikufuna ipitirire kaye pamene zinzake zinathera."

"Nanga kuphiriko?"

"Ndikakana afunsa chifukwa. Ndikayenda pang'onopang'ono, amayi, musadandaule."

Musadandaule! Kutacha ndinamanga kamtolo kanga, bulangete, chitenje chapadera ndi mbatata zophika, n'kukakhala m'galimoto kumbuyo iwo asanamwe n'komwe tiyi. Ndinati, "Tereza, uwauze apongozi kuti nanenso ndikufuna ndikalione phirilo." Bambo ako anakondwa kwabasi. Anawomba m'manja ali chapatali, amvekere, "Amayi, mwatilemekeza!" Njira yonse ine nkhope ili m'mpango, chifukwa kagalasi kakutsogolo kaja kankangondibweretsera maso awo. Ndipo galimoto ikagunda dzenje, ine mtima phaa, dzanja lili pabondo pa Tereza.

Nkhalango imeneyo, ana inu, si tchire la kuno lotha ndi nkhwangwa. Mitengo yake ukati uone kumene yathera, mpango umagwa kumutu. Mizu yake ili ngati zipupa za nyumba, ndere zikulendewera m'nthambi ngati ndevu za nkhalamba. Masana enieni mkatimo muli kamdima, pansi ponyowa ngakhale mvula inaleka kale. Fungo lake linandikumbutsa amayi ndi dengu la bowa, koma sindinali ndi mtima wokumbukira. Ndinkangoona kuterera.

Anatilandira bambo wina wachikulire woperekeza alendo, dzina lawo a Jelasi, wa majombo ndi ndodo yaitali, wolankhula pang'ono. Anatisonyeza pomanga matenti, m'mphepete mwa nkhalango. Tenti ndi chiyani? Nsalu. Nyumba yoti munthu akatembenuka mnzake wa nyumba ina amva. Ndinauza Tereza kuti yangayo aikokere kutali ndi ya apongozi. Ataikokera ndinati ikadali pafupi. Kenako ndinati ine ndimaopa afisi, sindigona ndekha, Tereza agone ndi ine. A Jelasi anati kuno afisi kulibe. Ndinati sanandionepo, abwera lero. Choncho bambo ako anagona okha ndi zikwama, ine ndinamuyalira mwana wanga bulangete langa pansi kuti chisanu chisamulowe m'chiuno. Chakudya anaphika bambo ako pa kachitofu kawo kagasi. Ine changa ndinakadyera kuseri kwa tenti, nditayang'ana mtengo.

M'mawa a Jelasi anatiimika pakhomo pa kanjira. Anati, "Anchima ndi amanyazi, si apusi a kumunda. Ndi akuda, mchira wautali, amakhala m'mwamba. Tiyende mwakachetechete. Osalankhula, osaponda nkhuni zouma."

Apa ndiye mumvetse. Ife tinalangizidwa kuti woyembekezera sayang'anitsitsa pusi, ndipo koposa zonse samuseka, chifukwa mwana amatengera. Ansembe kutchalitchi ankatiuza kuti zimenezo n'zachabe, ndipo ine Misa sindijomba, mukudziwa. Koma mwana wako akataya kawiri susankhanso choti uope. Umaopa zonse. Ndipo Tereza ndinkamudziwa, ndi munthu woti nkhuku ikaterereka amaseka mpaka misozi.

Tinayenda, a Jelasi patsogolo, bambo ako pambuyo pawo ndi magalasi awo oonera patali atawakoleka m'khosi, kenako Tereza, ine kumapeto. Sitinapite patali, nthambi zinayamba kugwedezeka m'mwamba popanda mphepo. A Jelasi anakweza dzanja, n'kuloza. Bambo ako anayamba kukweza magalasi aja pang'onopang'ono. Tereza naye mutu m'mwamba, pakamwa pakuyamba kale kumasuka.

Ndinatsokomola.

Osati kachifuwa kaulemu ayi, chifuwa cha munthu wosanja fodya m'chigafa. Nthambi zija waa, waa, waa, kupita. Tinangoona masamba akugwa.

A Jelasi anandiyang'ana. Tinapitirira. Patsogolo pang'ono, pakamtsinje, anakwezanso dzanja. Ndinatsokomolanso, ndipo poona kuti sizikukwana ndinapondaponda pansi n'kukuwa kuti linthumbu landilowa m'chitenje. Mawu anatuluka aja a pansanja ku Nachisaka, omwe ankathamangitsa nyani wamphongo. Nkhalango yonse inamva.

A Jelasi anati, "Agogo, chifuwa chanuchi chimangobwera anchima akayandikira?"

Ndinati, "Ndi mphepo ya kwanu kuno, bambo."

Tereza ananditsina pamkono. "Amayi, mukuchita dala."

"Iwe yang'ana pansi, njira ndi yoterera."

Ine ndinkati akawasowa atopa, tibwerera kumatenti, mwana wanga akagone. Koma a Jelasi anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Athawira kumtunda. Kufupi ndi nsonga kuli mkuyu waukulu, masana amakadya kumeneko. Koma ndi chikweza." Bambo ako anati, "Tafika kale kuno, tingabwerere osawaona?" Ndinali nditawathamangitsa ndekha, n'kuwathamangitsira kumwamba.

Ndinakhala pansi. Ndinati, "Tereza, uwauze apongozi kuti miyendo yanga yatha."

Bambo ako anayankha akuyang'ana kumbali, mwaulemu wonse. "Pepani amayi, takuyendetsani. A Jelasi atilozere njira, akuperekezeni kumatenti. Ine ndi Tereza tikwera awiri."

Awiri! Ndinadzuka msangamsanga. Ndinati miyendo yachira.

Chikweza chimenecho ndimachilotabe. Mizu yokhayokha, dothi lakuda loterera, pena pofunika kugwira ndi manja. Amuna aja anatsogola, ankangooneka misana m'mitengo, kenaka osaonekanso. Tereza anayamba kutsalira. Ndinaona dzanja lake likupita kumsana, n'kulichotsa msanga akaona kuti ndikuyang'ana. Milomo inachita mbuu. Ndinati tipume, iye anati ayi, bambo ako angadabwe. Tinakweranso pang'ono. Kenako anangokhala pamuzu, osandiyang'ana.

"Amayi, m'chiuno."

Ndinamutengera kuseri kwa mtengo. Tadala, tseka makutu ngati ukufuna, koma udzakula. Panali magazi. Osati ambiri, timadontho, koma ine ndinkadziwa mmene zinayambira maulendo awiri aja. Ndipo nthawi yomweyo nkhungu inayamba kutsika m'mitengo, yoyera, yozizira, mpaka njira imene tinadzera inayamba kubisika.

Tereza anandigwira chitenje. "Musawaitane. Ndipuma pang'ono, nditsika ndekha. Mwina zisiya. Amayi, nkhope yawo ija sindingaionenso kachitatu."

Ndinayang'ana kumunsi kumene tinachokera. Akanatsika ndi miyendo yake pamenepo, akudumpha mizu ndi kuterereka, ndinkadziwa chimene tikanafika nacho kumatenti. Kumubereka ine sindikanatha, msana unali utapita kale ndi makasu. M'phiri lonselo munali msana umodzi wokha woyenera ntchitoyo, ndipo unali wa munthu amene sindinalankhulepo naye maso ndi maso.

Ndinakuwa. "Apongoziii!"

Mawu anabwerera okha kuchokera kutsidya. Ndinakuwanso. Ndinamva nthambi zikuthyoka, ndipo anatulukira m'nkhungu akuthamanga, a Jelasi pambuyo.

Thupi lili ndi chizolowezi chake. Ndinapezeka ndagwada, nkhope kumbali, ndikuyamba kuti, "A Jelasi, muwauze apongozi kuti, pepani, pali kanthu kena kamene mwina sanakamve, koti ife akuluakulu..." Mawu ankangozungulira. Nkhani ya mimba, ya magazi, mkazi kuuza mkamwini wake! Amayi anga akanadzuka m'manda. Ndili mkati mozungulira choncho ndinamva Tereza akubuula pang'ono, kubuula kobisa.

Ndinaimirira. Ndinawayang'ana bambo ako m'maso. Ndi tsiku limenelo ndinadziwa kuti ali ndi mpata m'mano akutsogolo, womwewo uli ndi iwewo, Chisomo.

Ndinati, "Apongozi, mkazi wanu ali ndi pakati, mwezi wachitatu. Wayamba kutaya magazi. Asapondenso pansi. Gwadani."

Magalasi aja, amene anali atawavula m'khosi, anagwera m'masamba. Anati, "Tereza, zoona?"

Ndinati, "Mafunso kunyumba. Gwadani."

Anagwada. Ine ndi a Jelasi tinamukweza Tereza kumsana kwawo. Ndinamasula chitenje chapadera chija, n'kumukulunga monga ndinkamukulungira ali khanda, ndipo mfundo ndinaimanga ndekha pachifuwa pa mkamwini wanga. Manja angawa anamva mtima wawo ukugunda ngati ufuna kutuluka. Ndinakoka mfundoyo kawiri kuti ilimbe.

A Jelasi anati pali njira ina yozungulira, yotalikirapo koma yosatsetsereka kwambiri. Anatsogola akugogoda mizu ndi ndodo, akunena kuti apa pondani, apa ayi. Bambo ako mutu pansi, phazi limodzi, kenako linzake, thukuta likugwa m'chisanu chimenecho. Ine pambuyo, manja onse awiri nditamuchirikiza Tereza, pakamwa Tikuoneni Maria wosatha, ndikumangoyambiranso pakati. Akaterereka pang'ono bambo ako, ine mpweya unkaima. Kamodzi kokha ndinamva Tereza akunong'ona m'khutu mwawo kuti, "Pepani," iwo n'kuyankha kuti, "Gwiritsa."

Tsono tamverani. Titafika pakamtsinje kena, pamiyala yoterera, nkhungu inang'ambika pang'ono. A Jelasi anaima n'kunong'ona kuti, "Awo." Pamwamba pathu penipeni, pafupi moti ukanawaponyera mbatata, panali anchima gulu lonse. Akuda, nkhope zaubweya ngati madoda pabwalo la milandu, michira ikulendewera. Sanathawe. Tinali chete kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Wina wamkazi anali ndi kamwana katakakamira pamimba, ndipo kamwanako kanatambasula dzanja n'kukoka mchira wa wamkulu amene anali pafupi. Wamkuluyo anadzidzimuka mpaka anatsala pang'ono kugwa.

Tereza, ali kumsana, misozi ili m'masaya, anaona zonsezo. Anaseka.

Ndinafuna chifuwa chija, sichinabwere. Mpweya ndinalibe. Ndinangoti mumtima, Ambuye, abadwe ndi mchira, bola abadwe.

Bambo ako sanadzutse mutu. Maso awo anali pamwala woti apondepo.

Tinafika pagalimoto dzuwa litapendeka, matenti tinawasiya ali chiimire. Kuchipatala cha kuboma anamulowetsa msanga. Anamwino anabwera ndi kamakina, n'kukaika pamimba. Poyamba kankangolira ngati wailesi yosowa siteshoni. Ine ndinagwira chitsulo cha bedi. Anasunthira uku, anasunthira uko. Kenaka tinamva, kuthamanga, ngati kamtsikana kosinja mofulumira kuti kakasewere. Anamwino anati, "Alipo mwini wake. Koma mayi, kuyambira lero mugone. Phiri ayi, mtondo ayi, ndowa ayi."

Ndinatuluka kukakhala pabenchi pakhonde. Bambo ako anabwera n'kukhala pabenchi pomwepo, malaya ali matope okhaokha, n'kuyamba kulira ngati mwana. Sindinathawe. Ndinamasula kamtolo kanga, munali mutatsala mbatata imodzi. Ndinainyema pakati, ndinawapatsa. Tinadya pabenchi limodzi, ine ndi mkamwini wanga, anthu akudutsa.

Tadala, ndakuona. Lavula mtedzawo.

Amayi ako anasiya kaye kuphunzitsa, anadzagona pano, m'nyumba iyi, miyezi yonse yotsalayo. Ine ndinkagona pakhomo ngati galu. Tsiku lililonse ndinkadzuka ndi mantha omwewo, mpaka mvula itagwa, chimanga chili m'mawondo, tinapita nawo kuchipatala ku Madisi. Bambo ako beseni sanagule mpaka atamva kulira kwako ndi makutu awo, ndiye anathamanga kukagula atatu. Anamwino atandipatsa iwe, ndisanaone n'komwe nkhope, ndinakutembenuza kuyang'ana kumbuyo. Mchira panalibe. Koma mmene umakwerera mitengomu, ine sindinena kanthu.

A Jelasi anapasula matenti aja n'kuwasunga, magalasi anakawatola m'masamba, zonse anazipereka bambo ako atapitako. Pano anakalamba, anasiya kuperekeza alendo, akuweta njuchi m'munsi mwa phiri. Mukawapeza mukawauze kuti agogo achifuwa aja akupereka moni. Chitenje chija ndi chimene unaberekedwa nacho iwe mpaka chinachita mabowo, chili pansi m'sutikesi mwa amayi ako. Ine ndi bambo ako tinabwerera mwakale. Galimoto yawo ikalira kumsewu ine ndimapita kuseri kwa nkhokwe, iwo amapereka moni akuyang'ana mtengo wa mango. Kungoti akabwera ndi buledi, amanyema pakati, theka n'kukutuma iwe kuti ubweretse kuno. Unkayesa ndi umbombo?

Ndipo anchima mpaka lero sanawaone. Anapitako ulendo wina ndi anzawo a kuofesi, anangomva nthambi.

Dzulo ndinakazinga usipa dala. Amayi ako anadya mpaka mitu, n'kupempha wina, ndipo pachulu sindinaone phazi la munthu. Ndiye pitani. Muvale zotentha, mugwirane manja poterera, nkhungu ikatsika muime pomwepo osasuntha. Mukatenge chitenje chapadera, ngakhale akuuzeni kuti n'chosafunika. Ine nditsala, ndizikhala pano ndikuyang'ana kumsewu mpaka mubwere.

Koma iwe Chisomo, nthambi zikakayamba kugwedezeka, usakayang'ane wekha. Bambo ako anazolowera kuyang'ana poponda. Ukawagwire chibwano, uwadzutse mutu.